Kuonjezera pa funso la TiN yomatuka pa mapanchi a D2

Funso lija linali loti n'chifukwa chiyani TiN (titanium nitride), chokutira cholimba chooneka ngati golide chija, ikumatuka msanga m'mphepete mwa mapanchi a chitsulo cha D2 oboolera malata. Poyankha koyamba, tinaloza chala mafuta ndi dzimbiri zotsalira pachitsulo asanachikute. Zimenezo n'zoona, koma pali vuto lalikulu kuposa pamenepo: kutentha.

D2 yambiri imapangidwa tempering (kuitenthetsanso itatha kulimbitsidwa) pa 200°C kuti ifike 60 HRC (muyeso wa kulimba kwa chitsulo). Koma makina okutira, otchedwa PVD, amakuta chitsulo ndi TiN pa 450 mpaka 500°C, ndiye chitsulo chapansi chimafewa ndipo kukula kwake kumasinthako. TiN yokha ndi yolimba, pafupifupi 2,300 HV (muyeso wina wa kulimba), koma ndi yopyapyala kwambiri, mamaikironi 2 mpaka 4 basi. Pansi pakabonyoka, iyo imasweka ngati chigoba cha dzira.

Choncho D2 yoti idzakutidwe muichite tempering pa 510 mpaka 525°C, kawiri kapena katatu, kenako muyeze ngati ili pa 58 mpaka 60 HRC musanaitumize. Ngati panchiyo inadulidwa ndi EDM (makina odula chitsulo ndi moto wa magetsi), palani kakhungu koyera kamene kamatsala pamwamba, chifukwa kamakhala ndi timing'alu ndipo TiN siigwira bwino pamenepo. Posalaza pamwamba, pukutani motsatira njira imene panchi imayendera, osati mopingasa.

Ena anafunsa za TiAlN, chokutira cha mtundu wina. Imapirira kutentha mpaka cha m'ma 800°C pomwe TiN imalekezera pa 600°C, motero imathandiza pa madrilo odula popanda madzi oziziritsa. Pa panchi yofewa pansi, nayonso idzamatuka ndithu.