Feeder ya mbalame yokhala ndi kamera, ndigule yotani? Ndi ya amayi

Nachisale wa ku Leicester:
Abale anga ndithandizeni maganizo. Amayi anabwera mu Okutobala kudzandithandiza mwana, ndiye mukudziwa kuno ku England nyengo ino 4 koloko kwada kale, kunja kukuzizira, ine ndi bambo a mwana tonse kuntchito, iwo tsiku lonse ali m'nyumba ndi khanda. Munthu woti kwathu ku Dedza amadzuka m'mbandakucha kutsegulira nkhuku, kusesa pabwalo kenako ulendo wa kudimba. Chomwe ndaona kuti chikuwasangalatsa ndi mbalame basi, amaima pa windo la kukhitchini kuyang'ana timbalame totera pa fensi, makamaka kaja ka chifuwa chofiira, robin, akuti kalibe mantha ngati koweta. Amandifunsa maina koma ine sindidziwa. Ndaona pa intaneti ma feeder, zodyetsera mbalame zija, okhala ndi kamera oti mbalame ikatera amajambula n'kutumiza chithunzi pafoni ndi dzina lake lomwe, Bird Buddy, Birdfy ndi ena ambirimbiri otchipa. Ndili ndi £150 basi. Amene munagwiritsako ntchito, ndiyang'ane chani pogula? Ka garden kathu n'kakang'ono, mwina mamita 8 kuchoka pakhomo kufika pa fensi.

Bambo a Tadala:
Achemwali musanatulutse ndalama tengani foni mukaime pomwe mukufuna kuikapo paja muone ngati WiFi ikufika bwino. Makoma a njerwa a nyumba zakunozi amadya netiweki kwambiri. Komanso ambiri mwa ma feeder amenewa amagwira pa WiFi ya mtundu wa 2.4GHz yokha osati ya 5GHz, ine ndinataya Loweruka lathunthu ndikuyesa ndagula chakufa pomwe vuto linali kungosintha pa router. Chachiwiri funsani kuti kutchula maina a mbalame kuja ndi kwaulere kapena kolipira mwezi ndi mwezi, chifukwa ena amakutchipitsirani chipangizocho koma maina ndi kusunga mavidiyo muzilipira mpaka kalekale. Ngati ili ndi malo a memory card ndiye bola, zithunzi zimakhala zanu. Za sola musadalire kwambiri panopa, dzuwa la Disembala kuno silitchaja kanthu ndipo batire ikazizidwa imatha msanga, ndiye sankhani yoti kamera imazuka yokha mosavuta mukaitchajire m'nyumba osagwetsa chakudya chonse.

Mwana wa ku Zomba:
Agologolo!! Palibe amene anandichenjeza. Aja otuwa aja anatafuna pulasitiki ya yanga mpaka kuboola sabata yachiwiri yomwe, waya wa sola anadulanso. Osaikhoma pa fensi kapena pamtengo, ikani pa chitsulo chachitali chokhala ndi kachotchinga kaja amati baffle, patali ndi pomwe angadumphire. Komanso muyembekezere kuti nkhunda zikuluzikulu zija, wood pigeon, zizidzaza foni ya amayi ndi mauthenga tsiku lonse chifukwa kamera imadzuka ndi chilichonse choyenda, ndiye onani ngati app yake imalola kuchepetsa.

Anambewe:
Mwana wanga Nachisale, mwachita bwino kuwaganizira mayi anu, kusungulumwa kwa kuno ife tinakudutsamo tikukudziwa. Koma ine ndikuuzani zomwe ogulitsa salemba pa bokosi. Kamera ndi yachiwiri, choyamba muone ngati chinthucho chimamasuka n'kutsukika bwino. Kuno kuli matenda a mbalame otchedwa trichomonosis, anayamba kuoneka mu timbalame ta m'ma garden cha m'ma 2005 ndipo apha ma greenfinch ambiri zedi mpaka mu 2021 mbalameyi anaiika pa mndandanda wofiira wa zomwe zili pangozi. Kachilombo kake kamakhala kukhosi, mbalame yodwala imalephera kumeza ndiye imalavula njere ili ndi malovu, inzake n'kubwera kudzatola yomweyo. Malo afulati pomwe njere zimangokhala n'kumanyowa ndiwo oopsa, n'chifukwa chake a RSPB, bungwe loteteza mbalame la kuno, kumayambiriro kwa 2025 anasiya kugulitsa matebulo afulati odyetserapo mbalame. Tsono taonani ma feeder a kamerawa, pafupifupi onse ali ndi kambale kafulati kutsogolo kuti mbalame ikhale moyang'ana kamera. Sindikuti musagule ayi, yanga ilipo ndipo ndimaikonda, koma ndimathira chakudya chochepa choti chithe tsiku lomwelo, ndimataya chonyowa, sabata iliyonse ndimachotsa kamera n'kutsuka ndi madzi otentha ndi bulashi yakeyake osati ya mbale, n'kuumitsa kaye ndisanathirenso. Mukaona kambalame kafufuma nthenga, kakungokhala osathawa, kukamwa konyowa, chotsani feeder masabata awiri kapena kuposa. Mayi anu akaweta nkhuku sadzavutika kumvetsa, mungowauza kuti zili ngati chitopa chikalowa m'khola.
Chakudya gulani njere za mpendadzuwa zosenda kale, sunflower hearts, sizisiya makoko pansi oitana makoswe ndipo ma goldfinch ndi ma blue tit amazikonda. Mtedza wathu wokazinga wothira mchere uja ayi ndithu, mchere umazipweteka.

Bambo a Tadala:
Zoona amayi. Ndiwonjezere kamodzi, kamera iloze kunyumba kwanu kapena ku mpanda wa maluwa, isamajambule m'garden mwa aneba, anthu akuno nkhani imeneyo saitenga mopepuka. Isayang'anenso komwe dzuwa limachokera apo ayi mbalame zonse zizituluka zakuda bii.

Mwana wa ku Zomba:
Pa maina paja musaikhulupirire kwambiri, yanga mbalame ikatembenuka msana imangotchula za ku America. Aikireninso Merlin Bird ID pafoni, ndi yaulere, ya a Cornell Lab of Ornithology, imamvetsera kulira kwa mbalame n'kukuuzani dzina. Kumapeto kwa Januwale kuli Big Garden Birdwatch, mumangokhala ola limodzi kuwerenga mbalame zotera pakhomo panu n'kutumiza ku RSPB, inayamba 1979 ndipo aliyense amaloledwa. Mayi angachite bwino kuposa tonsefe chifukwa amazidziwa kale nthawi yomwe zimabwera.

Nachisale wa ku Leicester:
Zikomo nonse, Anambewe zikomo kwambiri mayi. Ndayesa WiFi, pa fensi sikufika koma pakati pa kapinga ikugwira bwino ndiye chitsulo chija tizika pamenepo, pomwe amayi aziona ndi maso pa windo komanso pafoni. Ndawawerengera zonsezi, za kutsuka akuti ndiwasiyire iwowo, ndipo afunsa ngati zithunzi zizikawapezabe akabwerera ku Dedza mu Epulo visa ikatha. Alipo akudziwa ngati app imalola anthu awiri, kapena ndizingowatumizira pa WhatsApp?