Firiza yasiya kuzizira koma kompuresa ikulira osapuma, kodi ndi gasi?

MayiWaMapasa

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za mafiriji. Yanga ndi ya zitseko ziwiri, firiza ili pamwamba, ndipo pachitseko analembapo kuti No Frost. Yagwira ntchito zaka zingapo osavutapo.

Vutoli labwera pang'onopang'ono. Kumunsi ndi kumene kunayamba kusazizira, firiza ikugwirabe bwinobwino. Tsopano nayo yafooka. Madzi a m'timbale ta ayezi sakuundana, ndipo zakudya zimene zinali gwa zayamba kufewa m'mbali. Getsi la mkati likuyaka. Kumbuyo kompuresa ikulira usiku ndi usana, sindikuimva ikupuma n'komwe, ndipo ndikaigwira ndi yotentha. Ndapotoza kale kokwezera kuzizira mpaka pa nambala yomaliza koma palibe chasintha.

China chimene ndaona ndi chakuti pakhoma la mkati mwa firiza, pamene pali timipata totulukira mphepo, pamera ayezi woyera. Masiku apitawa kunkamvekanso phokoso la chinthu chikukhula penapake, kenako linangosiya lokha.

Wokonza wina amene ndinamuimbira foni anangoti ndi gasi watha, firijiyo asanaione n'komwe. Kodi ndingomuitana adzathire, kapena pali zimene ndingayambe ndaona ndekha?

Wamafiriji

Mayi, pepani ndi vutolo, koma za gasizo yambani mwadikira. Gasi wa m'firiji satha ngati mafuta a galimoto. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka ku kompuresa, kudutsa mapaipi otentha akunja, kulowa mapaipi ozizira amkati, n'kubwereranso. Akachepa ndiye kuti penapake paboowoka, ndipo kuthira wina osatseka pobowokapo n'kungotaya ndalama, pakapita nthawi mudzaitananso munthu yemweyo. Wokonza amene amadziwiratu matenda pa foni ine ndimamukayikira, ngakhale kuti tili pa ntchito imodzi.

Zimene mwafotokozazi zikuloza kwina. Firiji ya No Frost nayo imapanga ayezi, kungoti imamubisa. Kuseri kwa khoma lamkati la firiza kuli mapaipi a aluminiyamu okhala ndi tizitsulo topyapyala, timawatcha evaporator. Pamenepo ndi pamene pamachokera kuzizira konse kwa firiji yanu, kwa m'mwamba ndi kwa m'munsi momwe. Pali kafani kamene kamakoka mphepo kudutsa pa mapaipiwo, kukankhira ina m'firiza, ina n'kuitsitsa kumunsi kudzera m'kanjira kopapatiza. Nthawi iliyonse mukatsegula chitseko mumalowa mpweya wa chinyezi, ndipo chinyezicho chimakaundana pa mapaipi aja. Ndiye opanga anaikamo hita pansi pake. Pakapita maola angapo kompuresa imaima, hita imayaka kwa mphindi 20 kapena 30, ayezi amasungunuka, madzi amatsika ndi kapaipi kupita m'kambale kamene kali pamwamba pa kompuresa, n'kuuma ndi kutentha kwa pamenepo. Zonsezi zimachitika inu osadziwa.

Hita ija ikafa, kapena chimene chimaiyatsa chikafa, ayezi amangokula tsiku ndi tsiku mpaka kutseka mipata yonse. Mphepo imasowa podutsa. Kumunsi kumayamba kufunda chifukwa kumadalira mphepo yotumizidwa, firiza imalimbikirako pang'ono chifukwa ili pafupi ndi mapaipiwo. Phokoso lokhula lija ndi mapiko a fani akugunda ayezi, ndipo kusiya kwake sikuti zinakhala bwino, fani inagwidwa. Kompuresa siipuma chifukwa thermostat, kachipangizo koyeza kuzizira, ikuona kuti mkati simunazizire. Onani mmene zagwirizanirana ndi nkhani yanu, ngakhale ndondomeko yake.

Yesani izi. Tsegulani firiza, dinikizani kaswitchi ka pachitseko ndi chala kuti firiji iganize kuti mwatseka, mumvetsere ngati fani ikuzungulira. Ikakhala chete pamene kompuresa ikulira, chizindikiro china ndi chimenecho. Kenako zulani pulagi pa soketi, osangozimitsa ndi kopotoza kaja ayi, chotsani zakudya ndi mashelefu, mumasule khoma lakumbuyo lija. Nthawi zambiri limagwidwa ndi masikuluu ochepa ndi timano tapulasitiki. Likakana musalikoke mwamphamvu, ndiye kuti lamatirira mu ayezi, ndipo kuseri kwake kuli mawaya a fani ndi thovu loyera lija losachedwa kuthyoka.

Mukatsegula muyang'ane ayeziyo musanamusungunule, chifukwa ndi amene akuuzeni zoona. Mukapeza chimulu cha ayezi chakuta mapaipi onse moti simukuwaona, gasi alimo wokwanira, ndiye wapanga ayezi yenseyo, vuto ndi kusungunula. Mukapeza mapaipi ndi ouma, ayezi ali pakona imodzi yokha pamene paipi imalowera, apo ndiye tingakambe za gasi wochepa kapena kompuresa yofooka, ndipo pobowoka nthawi zina pamaoneka kamafuta. Mukapeza kachisanu kopyapyala kofanana paliponse koma fani sikuyenda, ndiye fani yokha ndi imene yafa.

Ngati khomalo lakukanikani, ingoisiyani firiji yozima, zitseko zonse zili pululu, kwa maola 24, muyale nsalu pansi chifukwa madzi adzatuluka ambiri. Chonde mayi, mpeni kapena sikuludiraiva zisayandikire ayezi ameneyo. Aluminiyamu uja ndi wofewa, mukangomva kuti fyoo ndiye kuti mwaboola, ndipo vuto laling'ono lasanduka lalikulu. Mafiriji ambiri a masiku ano amagwiritsa gasi wa R600a, amene amayaka moto, choncho musayandikizenso kandulo kapena lawi lililonse pofuna kufulumizitsa. Poto wa madzi otentha woikidwa mkati pa nsalu amakwanira. Mtundu wa gasi walembedwa pa kapepala ka mkati mwa firiji kapena pa kompuresa penipeni.

Kadzidzi

Achemwali, onaninso relay, kachipangizo kodzutsira kompuresa. Yanga itasiya kuzizira inkang'ung'uza pang'ono kenako n'kumveka kuti tiki, zii, pakapita mphindi zochepa n'kuyambanso chimodzimodzi. Kanali kachipangizo kakang'ono kakuda kamene kamalowa m'mbali mwa kompuresa. Titakachotsa n'kukagwedeza kankalira wayawaya mkati, kanali katasweka. Tinangosintha kameneko basi, mpaka lero ikugwira.

Komanso kokerani firijiyo patsogolo muone fumbi kumbuyo. Ngati ili ndi mapaipi akuda aja kunja, apukuteni, ndipo isagundane ndi khoma.

Wamafiriji

Achimwene Kadzidzi, zanuzo n'zoona, ndipo ambiri amataya firiji yabwino chifukwa cha relay. Koma matenda anu ndi ena. Kwa inu kompuresa inkalephera kudzuka: imayesa, imakoka magetsi ambiri, kotetezera kake kamatentha n'kuidula, ndiye tiki munkamva uja. Zimachitikanso magetsi akabwera ofooka, relay ili bwinobwino. Kwa mayiwa kompuresa ikuyenda osaima, ndiye kuti inadzuka kale, relay yagwira ntchito yake. Ndiponso mafiriji a inverter, amene kompuresa yake imasinthasintha liwiro, alibe relay ya mtundu umenewo, kompuresa yake imayendetsedwa ndi bodi, kathabwa ka zamagetsi kolamulira firiji.

Za fumbi ndikugwirizana nanu. Mapaipi akunja ndi amene amataya kutentha, akakutidwa firiji imavutika. Ena adzadabwa kuti yawo ilibe mapaipi kumbuyo. Alipo, anawabisa m'makoma a m'mbali, n'chifukwa chake m'mbali mwa firiji mumafunda ikamagwira ntchito. Yotereyo isapanikizidwe pakati pa makabati.

MlongoWanu

Ine za mawaya sindilowererapo, ndingonena za zakudyazo, poti abambowa akuti firiji izime tsiku lonse. Firiza yabwino imayenera kukhala pa -18°C, ndipo kumunsi kusapitirire 5°C. Firiza yodzaza ikazima imasunga kuzizira pafupifupi maola 48 ngati simukutsegula, yodzaza theka pafupifupi maola 24, koma yanuyi yayamba kale kufooka ndiye musawerengere maola amenewo. Gwirani chilichonse. Chimene chikadali ndi timiyala ta ayezi mkati mungathe kuchisamutsira m'firiza ina n'kuchiumitsanso. Chimene chasungunuka koma chikadali chozizira kwambiri chiphikeni lero lomwe. Chimene chafunda ndipo simukudziwa kuti chafunda liti, tayani, ngakhale mtima ukuwawa. Fungo silinena zonse, chinthu chimatha kununkhira bwino koma n'kukudwalitsani. Makamaka poti dzina lanu likusonyeza kuti pakhomopo pali ana.

MayiWaMapasa

Zikomo kwambiri nonse. Bambo Wamafiriji, zili monga munanenera. Nditadinikiza kaswitchi fani inali chete. Khoma linakana kuchoka, ndiye ndinasuzumira pa timipata tija ndi tochi, ayezi yekhayekha, mapaipi osaoneka. Ndinaizimitsa n'kusiya zitseko zotsegula. Madzi amene anatuluka ndi ochuluka zedi, ena anasefukira kumbuyo, ena anatsikira m'chipinda cha kumunsi n'kudzaza pansi pa madilowa.

Ayezi atatha khoma linachoka mosavuta. Ndinapukuta, ndinabwezera, ndayatsa. Fani ikuzungulira, mphepo yozizira ikufika kumunsi, madzi a m'timbale aundana, ndipo kompuresa ndaimva ikupuma. Achemwali MlongoWanu, zina ndasamutsa, zina ndataya monga munalangizira. Ndiye funso langa, kodi basi yachira, kapena ndiyembekezere kuti zibweranso? Nanga madzi otsikira kumunsi aja ndi vuto lina?

Wamafiriji

Nkhani yabwino imeneyo mayi. Tsopano mwadzionera nokha kuti gasi alimo ndipo kompuresa ndi yamoyo, zinthu ziwiri zodula kwambiri pa firiji. Koma sinachire. Mwagwira ndi manja ntchito imene hita imayenera kugwira yokha. Ngati chinafacho sichisinthidwa, pakapita sabata imodzi kapena ziwiri ayezi adzadzazanso, ndipo kumunsi ndi kumene kudzayambe kukuuzani.

Zokayikitsa zilipo zochepa, ndipo wokonza aliyense amene ali ndi mita yopimira magetsi angazipime pamaso panu firiji ili yozula. Choyamba ndi hita. Mita ikaikidwa pa mawaya ake awiri iyenera kuwerenga kenakake. Ikapanda kuwerenga ndiye kuti yaduka mkati. Zina zimakhala za galasi, ndipo zikapsa zimaoneka zakuda. Chachiwiri ndi kachipangizo kozungulira kamene kamamatirira pa paipi ya evaporator, timakatcha bimetal. Ntchito yake ndi kulola hita kuyaka pamene mapaipi ali ozizira, n'kuidula akafunda. Apa ambiri amalakwitsa: akakapima kali kofunda kamaonetsa kuti n'kotseguka, iwo n'kumati kafa, chonsecho ndi mmene kayenera kukhalira. Kapimidwe kali kozizira kwambiri. Kakatupa kapena kung'ambika, kameneko n'kakufa osafunsa. Pamzere womwewo pamakhalanso kafyuzi kamene kamaduka hita ikatenthetsa.

Chachitatu chimadalira mtundu wa firiji. Zakale zili ndi taima, kabokosi kokhala ndi kamota, kamene kamawerenga maola amene kompuresa yayenda. Kali ndi pozungulitsira. Ukapotoza pang'onopang'ono firiji ikuyaka, pamamveka tiki, kompuresa imaima, ndipo hita iyenera kuyamba kufunda. Ikafunda, ndiye kuti hita ndi bimetal zili bwino, taima ndi imene inaima. Zatsopano zilibe taima, zili ndi sensa yomva kuzizira ndi bodi. Pamenepo ayambe wapima sensa, chifukwa bodi ndi yodula ndipo si kawirikawiri kuti ndiyo yalakwa. Akakuuzani kuti bodi yafa, akuonetseni kaye kuti hita, fyuzi ndi sensa wazipima.

Za madzi otsikira kumunsi, ndi kapaipi kotayira madzi kaja. Pansi pa evaporator pali kangalande kokhala ndi kabowo. Kabowoko kamatsekeka ndi ayezi kapena zinyenyeswa, madzi n'kusowa kolowera. Mwina anangochuluka tsiku limenelo, koma yesani: thirani madzi ofunda pang'ono pa kabowoko, wina ayang'ane kumbuyo ngati akufika m'kambale ka pa kompuresa. Akapanda kufika, pitirizani kuthira ofunda mpaka atseguke, osasolola ndi waya wakuthwa. Kapaipi kameneka kakatsekeka, madzi amaundananso pomwepo ngakhale hita ili yamoyo, ndiye nthawi zina vuto lonse limakhala lomweli.

Pimaninso rabala ya pachitseko. Ikani pepala pakati, tsekani, kokani. Likatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo pakulowa mpweya. Yesani mbali zonse, makamaka m'makona a m'munsi. Rabala yotayirira imalowetsa chinyezi chochuluka kuposa chimene hita ingathe kusungunula. Nthawi zina imangofuna kutsukidwa ndi madzi ofunda a sopo.

Kokwezera kuzizira kaja kabwezereni pakati, pa nambala yomaliza mukungoivutitsa kompuresa. Mukazula pulagi pa chifukwa chilichonse, dikirani mphindi zisanu musanabwezere kuti gasi akhazikike m'mapaipi, apo ayi kompuresa imadzuka movutikira. Ndipo poitana wokonza, jambulani kapepala ka mkati kaja kokhala ndi nambala ya mtundu wa firiji mumutumizire, abwere ndi hita ndi bimetal zoyenera, chifukwa zimasiyana utali ndi mphamvu.

Kadzidzi

Bambo Wamafiriji, za pepalazo ndangoyesa pa yanga, pakona ya m'munsi likungosololoka. Rabala imeneyi imasinthidwa yokha kapena mpaka chitseko chonse?

Wamafiriji

Pa mafiriji ambiri imasinthidwa yokha achimwene. Kokani pang'ono pakona muone: ikakhala yolowetsa m'kangalande imatuluka ndi manja, ina imagwidwa ndi masikuluu obisika pansi pa mphepete mwake. Musanagule yatsopano yambani mwaitsuka, muifunditse ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, muikokere kunja pamene yaphwa, n'kutseka chitseko kuti iziziremo ili m'malo mwake. Muonenso ngati chitseko sichinagwe pa mahinji, chifukwa chikapendekeka ngakhale rabala yatsopano siigwira pakona imeneyo.