Mabokosi anga akukula kumbuyo m'malo mochepa, ndikulakwitsa pati?

Wophunzira kujambula:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndayamba kuphunzira perspective, luso loonetsa kufupi ndi kutali pachithunzi, masabata atatu apitawa ndipo ndidakali pa mabokosi. Nkhope ya munthu ndimaijambula bwino, koma bokosi wamba likundikanika. Mbali yakumbuyo imatuluka yaikulu kuposa yakutsogolo, ngati bokosi layasama. Ndikati ndigwiritse ntchito madontho awiri okumanirapo mizere aja, amene amati vanishing point, bokosi limasongoka pansi ngati mkondo. Ndafufuta mpaka pepala kubooka. Zikundipweteka mtima chifukwa cholinga changa ndi kujambula nyumba ndi magalimoto, ndipo ndikuona kuti zonsezo zimayambira pa bokosi.

Mphunzitsi wa zojambulajambula:
Musataye mtima, mwatchula mavuto awiri osiyana. Ine nditenga loyambalo.

Bokosi lili ndi mizere 12 ya m'mphepete, ndipo ili m'magulu atatu, gulu lililonse mizere inayi yolowera kumodzi: yoimirira, yopita kumanja, yopita kumanzere. Amene angoyamba kumene amajambula mzere umodzi, n'kupita pa wina, osayang'ananso anzake atatu a gulu lomwelo. Kuyasama kuja kumachokera pamenepo. Mizere ya gulu limodzi ikamapita kutali ndi inu iyenera kumayandikirana pang'onopang'ono, monga njanji zimaonekera ngati zikukakumana kutali.

Chitani izi. Jambulani bokosi ngati ndi lagalasi, ndi mizere yobisika yomwe. Maso amaona mbali zitatu basi mwa mbali 6, koma mukasiya ngodya yakumbuyo simudziwa ngati bokosi laima bwino. Mukamaliza, tengani rula ndi cholembera cha mtundu wina, mutalikitse mzere uliwonse kulowera kutali ndi inu. Musafufute kalikonse. Pepala lokhalo likuuzani mzere umene wasochera.

Wojambula mapulani a nyumba:
Aphunzitsi anena zoona. Lachiwirilo ndi la madontho, mwawayandikiza kwambiri. Ndikukhulupirira kuti onse awiri mwawapanikiza papepala limodzi la A4, kenako bokosi mwalijambula lalikulu komanso m'munsi kwambiri. Matani pepala patebulo ndi selotepi, madonthowo muwaike kunja kwa pepala, patebulo pomwepo. Onse awiri akhale pamzere umodzi wopingasa, umene ndi mulingo wa maso anu. Bokosi likakhala pansi pa mzerewo mumaona pamwamba pake, likakhala pamwamba mumaona kunsi kwake. Poyesera, yang'anani ngodya yapansi yakutsogolo. Ikachepera madigiri 90, dziwani kuti bokosi latuluka m'dera limene diso limaona bwino, lomwe ife timaliwerengera pa madigiri 60.

Wophunzira kujambula:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatalikitsa mizere pa mabokosi asanu. Yakumanzere ikuyandikirana bwino, koma yakumanja ikubalalika pa onse asanu, makamaka mzere wakumbuyo uja. Ndiye ndingojambula zonse ndi rula kuti ndisalakwitse?

Wolemba zikwangwani:
Ine ndingati inde, achimwene. Pantchito yanga rula ndi chingwe sizichoka m'manja. Kasitomala safunsa ngati mzere unaujambula pamanja, amangofuna wowongoka.

Wojambula zithunzi za m'mabuku:
Apo ndisiyana nanu pang'ono, akulu. Pa ntchito yomaliza rula ndi yofunikadi. Koma mnzathuyu akuphunzitsa diso, ndipo rula ikamamuchitira zonse diso silikula. Tsiku lomwe adzafune kujambula mpando wopendekeka, madontho ake ali kutali kunja kwa tebulo, adzasowa pogwira. Ajambule pamanja, rula ibwere pambuyo kudzaweruza.

Ine vuto limeneli linandisautsa miyezi yambiri. Mutu umadziwa kuti mbali zonse za bokosi ndi zofanana, ndiye dzanja limamvera mutu m'malo momvera maso. Chimene chinandimasula ndi zenera. Ndinaika katoni panja, ndinatsinzina diso limodzi, mutu osaugwedeza, n'kulondola m'mphepete mwa katoniyo pagalasi ndi maka yofufutika. Nditaona kufupika kwa mbali yakumbuyo pagalasipo sindinakhulupirire, ndinabwereza katatu. Njirayi ndi yakalekale. Katswiri wa ku Italy Leon Battista Alberti, polemba za luso lojambula mu 1435, anayerekeza chithunzi ndi zenera lotsegula, ndipo wojambula wa ku Germany Albrecht Dürer mu 1525 anasindikiza zithunzi za zipangizo zojambulira mwa njira yomweyi. Akatswiri ngati amenewo ankafunanso chothandizira diso.

Za mzere wakumanja ukubalalikawo, musanaulembe ikani kadontho pomwe mukuganiza kuti uthere. Yendetsani cholembera m'mwamba kangapo osagunda pepala, muufanizire ndi anzake atatu aja, kadonthoko mukasunthe ngati pakufunika. Kenako lembani kamodzi, mkono ukuyenda kuchokera paphewa, osati pamfundo ya dzanja. Tembenuzani pepala momwe mkono ukumasukira, palibe choletsa.

Wolemba zikwangwani:
Za zenerazo ndavomera, sindinaziganizirepo. Koma ndisanachoke ndimupatse chimodzi chimene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Mukafuna pakati penipeni pa mbali ya bokosi, musayeze ndi rula. Lembani mizere iwiri kuchokera ngodya kupita ngodya inzake, ngati X. Pomwe yadutsana ndiye pakati, ndipo muona kuti pasunthira chakumbuyo. Chitseko cha nyumba yanu ija mudzachiika pamenepo.

Wophunzira kujambula:
Ndabweranso patatha masiku anayi. Katoni pazenera ndayesa, ndipo mbali yakumbuyo ndi yaifupidi kuposa momwe ndinkaganizira. Ndikujambula mabokosi asanu patsiku ndi bolopeni. Lero atatu mizere yake yayandikirana magulu onse awiri, lakumanja ndi lakumanzere. Wakumbuyo uja ukusocherabe nthawi zina, koma tsopano ndikumauona ndisanagwire rula. Nanga mizere yoimirira, nayonso iziyandikirana?

Mphunzitsi wa zojambulajambula:
Imayandikirana mukamaliyang'ana bokosi kuchokera pamwamba kwambiri kapena pansi kwambiri, ndipo pamenepo pamabwera dontho lachitatu. Pakadali pano isiyeni iime chilili. Za mzere wakumbuyowo, kawirikawiri cholakwa chimakhala chitayambira pa mizere yoyambirira, iwo umangochionetsa. Tumizani chithunzi cha mabokosi awiri olakwikawo ndi mizere yake yotalikitsa, tione pomwe chayambira.