Chijumbo chovala kumutu mu ndege ya asilikali, chimapulumutsadi munthu?

mayi_wa_awiri:
Abale ndithandizeni. Bambo akunyumba ali ku US Air Force ndiye mwezi watha tinakwera C-130 pa Space-A (mwayi woti asilikali ndi mabanja awo akwere mipando ikatsala), kanali koyamba ine kukwera ndege ya asilikali. Tisananyamuke loadmaster (msilikali woyang'anira katundu ndi anthu okwera) anatulutsa kachikwama akuti EPOS, mkatimo muli chinthu ngati jumbo chovala mutu onse mpaka mkhosi, ine mtima unangoti myuu chifukwa tinakula akutiuza kuti jumbo kumutu ndi imfa, komanso ndi phokoso lija sindinamve bwino zomwe amafotokoza. Bwanji osangoika timamasiki togwa kudenga ngati ndege zinazi? Tikweranso posachedwa ndipo ndili ndi ana awiri, nkhawa yandigwira.

wa_ku_hangala:
Mayi musaope, chimenecho si jumbo wamba. Dzina lonse ndi Emergency Passenger Oxygen System, mkati muli kabotolo ka oxygen komanso mankhwala otchedwa lithium hydroxide amene amayamwa mpweya oipa omwe mukutulutsa, nde mumapuma mommo osabanika. Mumang'amba paketi, kukoka kampira kofiira, mukamva kuti fyiii ndekuti chayamba, kenako manja onse awiri mkati mwa labala amene ali kukhosi kwa chijumbocho, kutambasula nkuvala. C-130 inapangidwira katundu ndi asilikali, ilibe timamasiki tapadenga tija. Komanso timamasikito timathandiza mpweya ukachepa basi, pa utsi ayi, chifukwa timasakaniza oxygen ndi mpweya wa mundegemo ndiye utsi mukuumezabe. Chijumbochi chimatseka zonse, ndi maso omwe, mumaona njira yotulukira misozi isakutuluka.

achimwene_leeds:
Nkhani ya utsi imandikhudza kwambiri ine. Kuno ku UK pa 22 August 1985 ndege ya British Airtours inagwira moto pa Manchester isananyamuke nkomwe, anthu 55 anamwalira ndipo ambiri sanafe ndi moto koma utsi, muli mpweya wa poizoni, carbon monoxide ndi cyanide, ochokera mmipando ndi mapulasitiki akamapsa, munthu kupuma kangapo chabe miyendo yafooka kale khomo lili pompo. Itachitika ngoziyo anthu anakambirana kwambiri zoti aliyense azikhala ndi chovala kumutu chotere koma ndege zawamba sizinatengere, ena amati anthu azichedwa kutuluka akulimbana ndi kuvala. Ineyo ndikanakonda chikanakhala pansi pa mpando uliwonse.

nachisale_tx:
Achemwali chimene amuna awiriwa sanatchule ndi tsitsi. Labala uja amayenera kugwira khungu la khosi, ngati mwaluka mesh yaitali kapena muli ndi wigi, tsitsi likapanikizika pakati pamatsala mpata utsi nkumalowa. Ine tsiku la ulendo ndimangomanga tsitsi mmwamba, ndolo zikuluzikulu mchikwama kuti zisang'ambe labala. Za ana funsani loadmaster musanakhale pansi, akuonetseni pomwe pali chikwama cha mwana aliyense ndi mmene mungamuvekere wamng'onoyo, musachite manyazi ndi ntchito yawo imeneyo. Ndipo muyambe kuvala inuyo.

wa_ku_hangala:
Eya zoyamba inuyo nzoona, mpweya ukachepa mundege muli mmwamba pa mafiti 25,000 munthu amakhala ndi mphindi 3 mpaka 5 zokha mutu ukugwira, pa 35,000 sipafika ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo choopsa nchoti sumva kuwawa, umangoyamba kusokonekera osadziwa. Mutakhala phee chijumbochi chimagwira ntchito mpaka pafupifupi ola, koma mukamathamanga kapena kunyamula mwana chimatha msanga kwambiri. Chikaphwa nkuyamba kumata kumaso ndekuti oxygen watha, chivuleni pompo, ndipo mukavula musayandikire moto chifukwa oxygen amatsalira mtsitsi ndi mzovala.

mayi_wa_awiri:
Zikomo nonse, mtima wakhalako pansi. Mesh ndimasula ulendo usanafike, ndipo wamkuluyu ali ndi zaka 9 ndimufotokozera usiku uno kuti akadzachiona asadzachite mantha ngati mmene ndinachitira ine.