Za ndalama zothokozera anthu odzipereka kumudzi

A Tembo (Mlembi): Abale ndi alongo, mwana wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg watumiza K15,000 pa Airtel Money ya gulu, ndipo wapempha kuti ndalamazi tithokozere anthu amene amatumikira mudzi wathu popanda malipiro. Komiti ikuganiza zokonza mwambo pa 24 October, tsiku la ufulu wa dziko lathu la Zambia, kuti tiwapatse masatifiketi ndi zitenje pamaso pa amfumu.

A Jere: Tisanafike pa zitenje, a Mlembi atiuze kuti nambala imeneyo ili m'dzina la yani, chifukwa ndalama za simenti ya nyumba yodikiriramo amayi apakati zinadzeranso momwemo, ndipo mpaka lero nyumbayo inaimira pa mawindo. Tinauzidwa kuti matumba 60 anagulidwa ku Chipata, koma amene anatsitsidwa pakiliniki sanakwane 40, ndipo palibe anationetsa lisiti.

Amayi Phiri: A Jere, nkhani ya simenti ili ndi tsiku lake. Ine nkhawa yanga ndi masatifiketiwo. Amayi a SMAG, gulu la anthu odzipereka loona za uchembere wabwino, ndiwo amadzutsidwa pakati pa usiku kuti aperekeze mayi woyembekezera kukiliniki, popeza masiku ano azamba saloledwanso kuchiritsira kunyumba, ndipo pamene ngolo yasowa amayenda wapansi ngakhale mvula ikugwa. Pepala lopachika pakhoma silidzawafupikitsira mtunda. Tiwagulire njinga za Buffalo, matochi ndi majombo.

A Jere: Amayi Phiri anena zoona, ndipo za njinga ndikugwirizana nazo, koma funso ndi lakuti adzakwere ndani. Ndamva kuti mndandanda unalembedwa kale, ndipo dzina loyamba ndi la amayi akunyumba kwa a Wapampando. Nanga agogo aja amene amakonza pampu, dzina lawo lilipo? M'chilala cha 2024, pamene zitsime za m'dimba zinauma, midzi itatu inkamwa pa pampu imodzi ija, ndipo iwo ankagula okha girisi ndi mabawuti pogulitsa nkhuku zawo, pamene ife a m'tauni tinkangotumiza mauthenga achisoni pano. Munthu wotere tikamuiwala n'kuveka chitenje wachibale, ine m'gulu muno mundichotse.

A Banda (Wapampando): A Jere, mkazi wanga anayamba kuyeza ana sikelo pansi pa mtengo gulu lino lisanabadwe, ndipo sadzaleka kukhala wodzipereka chifukwa chakuti anakwatiwa ndi ine. Simenti ina inauma ndi mvula, ndipo ndinafotokoza pamsonkhano umene inu simunabwere. Za nyumbayo tinapereka pempho ku komiti ya chitukuko ya wadi, poti CDF, ndalama za chitukuko zimene boma limapereka ku dera la phungu aliyense, inafika pa K36.1 miliyoni mu 2025.

A Mbewe: Ndikupempha kuti adzukulu nawonso akumbukiridwe, chifukwa amakumba manda pa nthaka youma ya October ndi makasu awoawo.

A Zulu: Adzukulu amagwira ntchito ya mwambo, ndipo amadya nsima yawo pamaliro pomwepo, choncho sitingawaike pamodzi ndi a zaumoyo. Komanso October ndi nthawi yosautsa, anthu amakhala akuthamangira feteleza. Ndi bwino tidikire February, pamene ambiri timabwera ku Mtenguleni ku Nc'wala.

A Mbewe: A Zulu, si tonse amene timapita ku Mtenguleni. Enafe timabwera mu August popita ku Kulamba ku Mkaika, ndipo gulu lino si la Angoni okha.

A Jere: Kaya ndi February kaya August, ndalamazo zikhala pa foni ya munthu mmodzi miyezi yonseyo, ndipo umu ndi mmene simenti inaumira. A Wapampando akuti sindinabwere pamsonkhano, koma uthenga woitana unafika msonkhanowo utatha. Ndikufuna zinthu ziwiri: chithunzi cha ndalama zimene zatsala pa nambalayo chiikidwe pano lero, ndipo mayina asankhidwe ndi anthu akumudzi okha pabwalo la amfumu, komiti itakhala chete.

A Tembo (Mlembi): Mwini ndalama wawerenga zonsezi, ndipo wandiimbira kuti tisatapepo ngakhale ngwee imodzi mpaka adzalankhule ndi amalume ake.

Amayi Phiri: Nanga mtengo wa njinga ndikafunse, kapena ndileke?

A Jere: Kafunseni amayi, koma lisiti la simenti ndikulidikirabe.