.300 WSM kapena .30-06: ndalama zanga ndiike pati?

Bambo a Tadala (Chilomoni): Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali mfuti ya .300 WSM (Winchester Short Magnum) imene mwini wake akugulitsa ndi mapepala ake onse, ndipo mtengo ndi wotsikirapo poyerekeza ndi .30-06 ya kampani yomweyo. Ntchito yake ndi nguluwe zoononga m'munda, a zanyama zakutchire akapereka chilolezo, komanso ulendo wokasaka ku Zambia kapena ku South Africa mwa apo ndi apo. Ndigule?

Che Jafali (Limbe): Bambo a Tadala, musanayang'ane mfuti yambani mwafufuza zipolopolo zake. Mtengo watsika chifukwa cha chimenecho. Muno mu Blantyre mutha kuzungulira mpaka nsapato kutha osapeza bokosi limodzi la WSM, ndipo kuitanitsa kunja kukufuna chilolezo cha apolisi ndi forex, imene nonse mukudziwa mmene ikuvutira. .30-06 ilipo kuyambira 1906, .308 kuyambira 1952, ndipo sitolo iliyonse ya mfuti kum'mwera kwa Africa kuno imayamba yasunga zimenezi.

Angozo (Chigumula): Che Jafali mwanena zoona, komabe tisainyoze WSM ngati chinthu chachabe. Winchester anaitulutsa mu 2001 ndi cholinga chomveka: mphamvu ya .300 Winchester Magnum ya 1963 ilowe mu action yaifupi (action ndi gawo la mfuti lolowetsa ndi kutulutsa chipolopolo). Chipolopolo cha Win Mag n'chotalika mainchesi 3.340, cha WSM ndi 2.860 basi, koma chigoba chake n'chonenepa, chilibe lamba kumunsi, phewa lake ndi la madigiri 35. Mu WSM, chipolopolo cholemera 180 grain chimatuluka pa mafiti pafupifupi 2,970 pa sekondi, pomwe .30-06 imafika cha m'ma 2,700. Mfutiyo imafupikirako ndi kupepukirako, wonganso imadya wochepa poyerekeza ndi Win Mag.

Mayi Nachisale (Namiwawa): Angozo, liwirolo likugulirani chiyani kutchire? Mfuti zonse ziwiri mukazitchera sikopu kuti zizimenya pakati penipeni pa mayadi 200, pofika pa 300 kusiyana kwa kugwa kwa chipolopolo ndi mainchesi awiri kapena kuchepera. Nguluwe imaomberedwa pafupi, kawirikawiri kusanache bwino, m'chimanga. Pamenepo chofunika ndi chipolopolo chachiwiri kulowa msanga. Ndiye mfuti yopepuka yokhala ndi mphamvu ya magnum imamenya phewa kwambiri, munthu amayamba kutsinzina asanakoke trigger, n'kumaphonya kapena kungovulaza nyama.

Angozo: Mayi, pa nchefu kapena ngoma m'malo oyera a ku South Africa mafiti 270 pa sekondi owonjezerawo si ochepa ayi, makamaka kukakhala mphepo.

Che Jafali: Pa nchefu mufuna chipolopolo cholemera, 200 kapena 220 grain, ndipo apo WSM imayamba kupanikizika. Magazini ndi yaifupi, chipolopolo chachitali chimakhala mozama m'chigoba n'kulanda malo a wonga. Win Mag ili ndi mpata wokwanira. Ngati magnum ikufunikadi, tengani yaitaliyo, poti zipolopolo zake ziliko ku Johannesburg.

Mayi Nachisale: Ngati mtima wakhazikika pa WSM yomweyo, musalipire musanayese kalowedwe kake, chifukwa vuto la mfutizi limabisala pamenepo. Mkombero wa kumunsi kwa chigoba ndi wocheperako poyerekeza ndi thupi lake, ndiye magazini ikakhala ndi sipulingi yofooka bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo) imadutsa pamwamba osakoka chipolopolo, kapena mphuno ya chipolopolocho imakakamira pakhomo pa chamber (pamene chipolopolo chimakhala pochiwombera). Pezani ma dummy opanda wonga, dzazani magazini, kokani bolt pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu, mfuti itapendekeka kumanzere ndi kumanja. Bwerezani kakhumi. Chomaliza m'magazini ndicho chimakonda kuvuta. Kumbukiraninso kuti zambiri zimanyamula zitatu zokha, pomwe .30-06 imanyamula zinayi kapena zisanu. Mukatero unikani m'mpope ndi tochi kuchokera ku chamber: mizere ikaoneka yofufutika poyambira, khosi latha ndi moto, ndipo magnum imadya khosi msanga.

Angozo: Ndionjezere za kutentha, poti ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Mphamvu ya mpweya wa wonga m'kati mwa WSM imafika pa 65,000 psi, mu .30-06 pa 60,000. Zipolopolo zikakhala padzuwa m'galimoto, mphamvu imakwera. Bolt ikayamba kulimba potsegula, kapena primer (kachitsulo kapansi pa chigoba koyatsa wonga) ikaoneka yophwatalala, lekani pomwepo. Mpope usachepere mainchesi 24, mukaudula mwataya liwiro n'kutsala ndi phokoso. Ndipo WSM si Win Mag, si SAUM (magnum ina yaifupi) ya Remington, ngakhale zonse zalembedwa .300. Werengani zomwe zadindidwa pa mpope ndi pansi pa chigoba.

Bambo a Tadala: Nanga nditagula mabokosi ambiri paulendo umodzi?

Che Jafali: Ndege zimalola makilogalamu 5 a zipolopolo pa munthu mmodzi, ndipo pobwera nazo kuno chilolezo cha apolisi chikhale m'manja kale, chogwirizana ndi laisensi yanu. Kutchera sikopu ndi kuyeserera kokha kumadya mabokosi awiri. Funsani wogulitsayo kuti ali ndi zipolopolo zingati zotsala, ndiponso amazigula kuti. Akayamba kuzungulira poyankha, ine ndingatenge .30-06.