Minibasi inandigwetsera m'ngalande osandigunda, alipire ndani?

Bambo a Tadala:
Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndikuchokera ku Dedza pa M1, minibasi ina imapitirira thiraki pakona n'kulowa mbali yanga. Ndinakhotetsa chiwongolero kuithawa, Vitz yanga n'kugwera m'ngalande. Bampala yathyoka, tayala lakutsogolo laphulika, rediyeta ikudontha. Sitinakhudzane ngakhale pang'ono, iye anangopitirira. Nambala yake ndinalemba. Inshulansi yanga ndi ya third party. Ndingapezepo kanthu?

Makaniko wa ku Biwi:
Pepani achimwene. Third party yanuyo imalipira amene mwawaonongera inuyo, osati galimoto yanu. Ikanakhala comprehensive, imene imalipiranso galimoto yanu, bwenzi tikunena zina.

Nachisale:
Musagwe ulesi bambo. Wolakwa ndi wolakwa, kaya anakugundani kaya ayi. Vuto ndi umboni basi. Pitani kwa apolisi apamsewu mukatenge lipoti, muwapatse nambalayo apeze mwini minibasi ndi kampani yake ya inshulansi. Jambulani galimoto musanakonze, mutenge kotesheni ya ku galaja. Akakana, ndi kukhoti. Munali ndi ndani m'galimotomo?

Bambo a Tadala:
Mlamu wanga. Anyamata ogulitsa mbatata pamsewupo anaonanso.

Nachisale:
Yambani ndi anyamatawo. Mlamu adzati akukukonderani.